Mtengo wa a Moira Ndinaudulira Ngati Tiyi

Amayi anga,

Kodi kumeneko mukukhala bwanji? Mwazolowera? Ine kuno ku Glasgow thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi. Ndakhala ndikufuna kukulemberani kuyambira mu Malichi, koma ndikangogwira cholembera manja amalema. Lero ndati ndilembe basi, chifukwa pali munthu amene wanyamuka kuno kubwera kumeneko, ndipo ndikufuna nkhani yake muimve kwa ine musanaimve kwa iwo.

Ndiyambe ndi zakumudzi, monga munkachitira inu pa foni, kuyambira mbuzi kumalizira anthu. Mchemwali wanga Mwandida anachira mu Januwale, mwana wamkazi, ndipo anamutcha dzina lanu, Fanesi. Pa chithunzi chipumi ndi chanu chenicheni, kakamwa nakonso kokhala ngati akufuna kukalipira munthu. Chimanga chaka chino sichinachite bwino, mvula inadula chikumasula kumene. Denga la khitchini yanu linasasuka ndi mphepo, mlongo wanga Yohane walikhoma koma akuti likudonthabe pakona paja munkaikapo mtondo. Tadala wanga watalika, wandifika paphewa. Ndikamuyankhula Chichewa amamva zonse, koma amayankha m'Chingelezi cha kuno chothamanga chija, ine mpaka kumuuza kuti abwereze. Chitenje chanu chobiriwira amachifunda poonera TV, salola kuti ndichichape.

Tsono tiyi wanu. Munda wakumunsi uja munkati mudulira mu Juni, matenda n'kukugwetsani, sunadulidwe mpaka lero. Kumayambiriro kwa Febuluwale Yohane ananditumizira chithunzi, tiyi atatalika kupyola m'chiuno, maluwa oyera ali mbuu mzere wonse. Iye anatumiza monyadira, ati taonani kukongola. Ine ndinapsa mtima zedi. Ndinamuimbira n'kumukalipira mpaka mayunitsi anatha. Mawu anu aja ndinamubwerezera onse: "Maluwa pa tiyi ndi manyazi a mwini munda. Tiyi timadyera tsamba, duwa silikwera sikelo." Mkwiyo umenewu muukumbukire, Amayi, chifukwa ndi umene ndinapita nawo kumene ndikukuuzaniku.

Ntchito ndi yomwe ija yosamalira okalamba m'makomo mwawo, kuno timangoti keya. Nditabwerako kumaliro anu ananditumiza kwa mayi wina ku Pollokshields, dzina lawo a Moira, a zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu. Anali mphunzitsi kale, ndipo uphunzitsiwo sunawachoke. Tsiku loyamba nditagwada powapatsa kapu anandifunsa ngati ndagwetsa kanthu pansi. Nditati "Amayi" anakana, ati, "Sindinakubale ine. Dzina langa ndi Moira." Chilichonse chimene ndinkachita chinali ndi polakwika. Madzi atentha kwambiri, pilo wapendama, tiyi wachepa masamba. Ine wobadwira m'tiyi kundiphunzitsa kuphika tiyi!

Koma ndinawakonda, ndisakubisireni. Mwina chifukwa ankalongolola ngati inu. Ndinkawasambitsa, kuwadzoza mafuta kumsana, kuwapesa, zonse zimene inu anakuchitirani ndi Mwandida ine ndili kuno. Masiku ena ndikamawapukuta mapazi misozi inkangotsika yokha. Iwo osandifunsa kanthu, ankangoti, "Elufe, madzi m'besenimo akwana kale."

Kutsogolo kwa nyumba yawo kuli mpanda wa mitengo yobzala mothithikana, kuseri kuli kadimba. M'kadimbamo, pafupi ndi zenera la chipinda chawo, munali mtengo wina wotalika kuposa ine. Tsiku limene ndinauona koyamba ndinaima chilili. Masamba obiriwira kwambiri, onyezimira, okhala ndi timano m'mbali. Tiyi, Amayi! Ndinathyola tsamba limodzi n'kulitikita m'manja. Ndinamva kenako kuti dzina lake ndi kameliya, ndipo ndi mbale wakedi wa tiyi, koma ine dzinalo sindinasamale nalo. Mumtima ndinangoti uyu ndi tiyi wosowa mwini. Nyengo yonse yozizira makatani ankakhala otseka chifukwa cha mphepo, ndipo a Moira sananenepo kanthu za mtengowo. Inenso sindinafunse.

Pakati pa Febuluwale anadwala chibayo, ambulansi n'kuwatengera kuchipatala chachikulu cha ku Govan. Mwana wawo mmodzi yekhayo, a Callum, amakhala kutali ku Aberdeen. Anandipempha pa foni kuti ndizidzadutsa kudyetsa mphaka. Anatchulanso kuti mpanda wakutsogolo watsekereza njira ya anthu oyenda pansi, ndipo afunika apeze woudula Malichi asanalowe, chifukwa mbalame zikayamba kumanga zisa kuno mpanda sakhudza mpaka ana auluke. Ine ndinati musavutike kufuna munthu, ndili ndi manja.

Loweruka m'mawa ndinapita. Kunazizira kwambiri, udzu uli woyera ndi chisanu, zala zikuwawa m'magolovesi momwe. Chisizasi chachikulu ndinachipeza m'kashedi. A Rashid, bambo wachikulire wa nyumba yoyandikana nayo, anandiona ndikuyamba ndipo anabwera kudzandionetsa. Anati ndiyambe ndasuzumira mkati ngati mulibe chisa chatsopano, ndipo podula pansi pakhale potambalala, pamwamba pochepako, kuti dzuwa lizifika masamba apansi. Ndinachita momwemo. Ndinasolola masamba owola, mapepala a zakudya amene anthu amatsendera m'mpandamo, ndi chiyangayanga chimene chinaupiringa. Pofika masana mpanda uli see, thupi latentha, jekete ndavula. Chiyambire maliro anu, tsiku limenelo ndi limene ndinamva kuti manjawa ndi anga. Ndikanangobweza zida m'shedi n'kukakwera sitima.

Koma ndinazungulira kuseri. Mtengo uja unali utadzaza timibulu ta maluwa osamasula, tonenepa ngati mtedza, nthambi iliyonse. Chithunzi cha Yohane chinali chidakali m'maso mwanga. Ndinati ha, nawonso uwu manyazi omwewo! Komanso inali nthawi yozizira, ndipo kwathu tiyi timadulira kukazizira, madzi a mumtengo atagona. Zonse zinagwirizana m'mutu mwanga. Ndinati a Moira akamabwera kuchipatala apeze mtengo wawo uli m'manja mwa munthu woudziwa.

Ndinatenga kasowo ndi mpeni. Ndinadula monga munandiphunzitsira, Amayi, osaphonya ngakhale pamodzi. Bala lililonse lopendekeka kuti mvula isakhalepo, khungwa osang'amba, pakati kutsegula kuti mphepo izidutsa. Ndinautsitsa mpaka m'chiuno. Ndinayala mpini wautali wa chokokolera zinyalala pamwamba kuona ngati palingana, monga munkachitira ndi nsungwi ija. Ndinkaimbanso, nyimbo ya Chigwirizano imene munkaikonda podulira. Nthambi sindinaponye m'bini. Ndinazisanja pansi pa mtengo pomwepo, chifukwa inu munkati zodula za tiyi sawotcha ndipo sataya, ndi bulangeti la mwini wake.

Ndikumaliza, a Rashid anasuzumira pa khoma. Anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa. Anandifunsa pang'onopang'ono, "Mwana wanga, eni ake mwawafunsa?" Ine ndinaseka, ndinati, "Bambo, musade nkhawa, mtengo uwu ndinabadwira m'menemo." Analowa m'nyumba mwawo. Safunsa anadya phula, Amayi, ndipo ine ndinadya lonse.

Patapita masiku asanu a Moira anatulutsidwa. Sikuti anachira ayi. Madokotala anati mtima watopa, palibenso chochita, akapumire kwawo. A Callum anabwera kudzawalandira. Tikuwalowetsa m'chipinda pa mpando wa matayala, mawu oyamba amene ananena ndi akuti, "Bedi mulisunthire pazenera. Kwatsala milungu itatu kuti mtengo wa Hamish umasule."

A Hamish ndinkawadziwa pa chithunzi cha pabalaza, amuna awo amene anamwalira kalekale. Ndinafunsa kuti mtengo wake uti. Anati, "Kameliya uja. Anaubzala yekha chaka chimene tinalowa m'nyumba ino. Atamwalira tinamuwotcha, phulusa lake ndinalithira pansi pake ndi manja angawa. Kuchipatala kuja usiku ndi usana ndimangowerenga masiku. Andiuza kuti mwina ndifika Isitala. Sindikufuna zambiri, ndiuone kamodzi basi."

Mayo ine! Manda, Amayi. Kwathu ngakhale nkhuni yogwa yokha kumanda sititola. Ine ndinaponda pamanda a munthu ndi majombo, sowo ili m'manja, ndikuimba.

A Callum ndi amene anayamba kusuzumira pazenera. Anaona, anandiyang'ana, n'kubweza katani. Anauza mayi awo kuti kuwala kuwapweteka m'maso, atsegula mawa. Kukhitchini anandifunsa monong'ona, "Ndi inu?" Ndinavomera. Anati, "Ine ndinati mpanda." Anagwira sinki ndi manja onse awiri. Kenako anati tisawauze, tizingoti kunja kuli nkhungu, mphepo ikulowa pazenera, mwina masiku adzatha okha asanadziwe. Ndinagwedeza mutu kuvomera. Ndikuchita manyazi kulemba zimenezi, koma ndinavomera, ndipo ndinanama masiku awiri athunthu.

Tsiku lachitatu a Callum atapita kukagula mankhwala, a Moira anati, "Elufe, tsegula kataniyo. Ndine wodwala, sindine chitsiru." Ndinatsegula. Anavala magalasi awo. Kunja kunali zitsa zokhazokha, zolingana bwinobwino, mabala oyera akuyang'ana kumwamba. Anayang'ana nthawi yaitali, ine nditagwada pambali pa bedi, ndipo ulendo uno sanandifunse ngati ndagwetsa kanthu.

Anafunsa kuti, "Callum?" Ndinati, "Ayi, ndine." Anati, "Chifukwa chiyani?"

Ndinawauza zonse. Za munda wathu wa ku Mulanje, za inu, za Yohane ndi chithunzi chake, zoti kwathu duwa pa tiyi ndi manyazi. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anangoti, "Uwu si tiyi." Ine pakamwa osatseka, ndinayamba kulumbira kuti udzaphuka, mtengo wodulira bwino umaphuka koposa kale, chaka chamawa kapena chinacho maluwa adzachuluka mpaka adzadabwa. Anandiyang'ana n'kubwereza mawu anga omwewo, "Chaka chamawa." Anavula magalasi, anatembenukira kukhoma, n'kuti, "Tseka."

Akanandichotsa ntchito zikanakhala bwino. A Callum anafuna kuimba ku ofesi kuti atumize wina, a Moira anakana. Ndinapitiriza kuwasambitsa ndi kuwadyetsa. Koma kulongolola kuja kunatheratu. Ndikawapatsa tiyi, zikomo. Ndikawakonzera pilo, zikomo. Munthu amene miyezi inayi yonse sanandithokozepo anayamba kundithokoza ngati mlendo wa m'basi. Zikomo ameneyo ankandipweteka kuposa mbama. Ndinkatuluka m'nyumbamo n'kukalira pa siteshoni, anthu akundilambalala.

Tsiku lina a Rashid anandiitana pa khoma paja. Anandifotokozera lamulo limene kuno aliyense wa dimba amalidziwa, ine ndekha ayi. Mitengo imene imachita maluwa chisanu chikangotha imakhala itasunga timibulu take kuyambira chaka chatha, ndiye sadula kufikira maluwa atayoyoka. Yodulira mu Febuluwale ndi Malichi ndi imene imachita maluwa mochedwa, pa nthambi zatsopano. Analoza marozi a a Moira amene ndinawasiya osawakhudza, ati, "Mukanadula awo ndikanakuyamikirani." Kenako anafunsa kuti nthambi zija zinapita ndi galimoto ya zinyalala tsiku liti. Ndinati sizinapite kulikonse, zili pansi pa mtengo. Anati, "Nanga mwaimiranji?"

Ndinavula nsapato, ndinagwada m'matope ozizirawo n'kuyamba kufukula. Zapamwamba zinali zitauma ndi mphepo, timibulu tada. Koma zapansi, zimene zinafundidwa ndi zinzake, zinali zonyowa, masamba akadali obiriwira. Ndinasankha nthambi zisanu ndi ziwiri. Ndinazidulanso kumunsi mopendeketsa, ndinaziika m'mabotolo a jamu, n'kuzibisa m'khonde lakuseri momwe simutentha kwambiri. M'mawa uliwonse ndisanavule jekete ndinkathamangira kumeneko. M'mawa uliwonse ndinkapeza timibulu tina tagwa pansi, ta bulauni, tofewa. Ndinkasintha madzi, ndinkapemphera, ndinkakuitanani inu ndi dzina. Tinatsala titatu, kenako kamodzi.

Kamodzi kameneko sikanagwe. Kanafufuma, ndipo tsiku lina m'mawa kunsonga kwake kunaoneka kufiira. Ndinanyamula botolo ndi manja awiri kupita nalo kuchipinda. A Moira nthawi imeneyo anali atasiya kudya, ankangomwa tiyi wa pasupuni. Anafunsa kuti n'chiyani. Ndinati, "Ndi wa a Hamish."

Anati, "Watola m'bini?"

Ndinati, "Ayi. Amayi anga ankati zodula sataya, amafunditsa mwini wake."

Anapempha magalasi. Anakayang'ana kanthuko mbali zonse. Kenako anati, "Mayi akowo ndi amene anakuphunzitsa kudula?" Ndinavomera. Anati, "Ndiye ali ndi mlandu ndi ine. Ndinaona mabala aja, palibe ngakhale limodzi long'ambika. Sindinaonepo munthu wowononga mwaukhondo chonchi." Anapuma pang'ono n'kuti, "Ika apa, osati padzuwa, iwe. Ndipo manja akowo asakhudzenso. Sunadziwe n'komwe mtundu wake, eti?"

Amayi, ndinasangalala ngati mwana. Anandikalipira! Madzulo ake anati tiyi wazizira ndipo supuni ndagwira ngati khasu.

Masiku anayi otsatira, ndikangolowa m'mawa funso linali limodzi, "Latseguka?" Ine ndinkati pang'ono. Linkatsegukadi pang'ono, kufiira kukuonjezereka, koma duwa lodulidwa mphamvu lilibe. Kangapo konse zala zinkandiyabwa kuti ndilitambasule ndekha iwo ali m'tulo, koma ndinakumbukira kuti manja omwewa ndi amene anayamba zonsezi. Lachiwiri pochoka ndinawauza kuti mawa kapena mkuja likhala litamasula. Anati, "Iwe ndi mawa wakoyo."

Lachitatu m'mawa ndinatsika sitima nthawi yanga ya masiku onse. Pakhomo ndinapeza nesi ataima, ndipo ndinadziwa asanayankhule. Anapita mbandakucha, a Callum ali pambali pawo. Botolo linali pomwe ndinalisiya, duwa litatseguka theka.

Linamasula Lachisanu. Ndinapita kukabweza makiyi, ndinalipeza lili gwaa, lofiira kwambiri, lalikulu ngati chibakera cha Tadala, mbali imodzi litapsa ndi chisanu. M'nyumba monse munalibe munthu, ine ndi mphaka basi. Ndinakhala pa bedi lopanda zofunda lija n'kuliyang'ana mpaka madzi a m'maso anatha. Mtengo uja ndikanausiya, sabata imeneyo ukanakhala utafiira wonse pazenera pawo, iwo akuona. A Rashid anandiuza kuti kameliya wawo, umene a Moira anawapatsa nthambi kale, unamasula Lamlungu lapitalo. Madzi akatayika sawoleka.

Loweruka lathali a Callum anathira phulusa la mayi awo pansi pa mtengowo, pamodzi ndi la bambo awo. Anandiitana, sindikudziwa chifukwa chake. Ndinaima patali, nsapato zili m'manja. Atachoka ndinayandikira, ndipo pa zitsa paja ndinaona timphukira tofiirira tatuluka m'khungwa, mbali zonse, monga amachitira tiyi wanu mu Sepitembala. Ndinadula bwinodi. Sindinasangalale ngakhale pang'ono, ndinakwiya nawo mtengowo. Nyumba akuti aigulitsa. Maluwa amene ndinkalumbirira aja adzaonedwa ndi anthu osadziwa amene agona pansi pake.

Ndiye chimene ndalembera ndi ichi, Amayi. Akafika kumeneko muwalandire. Ndi mayi wamfupi, wa tsitsi loyera lodula, magalasi amawamangirira ku chingwe m'khosi. Adzakufunani ndithu, chifukwa mlandu sanauiwale. Musakangane nawo, ndikudziwa nonse awiri simugonja. Muwauze kuti manja ndi anu koma kusafunsa ndi kwanga, chifukwa inu m'munda mwa munthu simunkalowa musanaodire. Musawatchule amayi, sakonda. Tiyi amamwa wopanda shuga, ndipo adzati wachepa masamba ngakhale mutathira dengu lonse.

Yohane ndamuimbira dzulo, ndamupepesa. Tagwirizana kuti mu Juni adulire munda wakumunsi wonse, koma mtengo wakumapeto kwa mzere, pa njira yopita kumene munagonako, ausiye. Ndikudziwa mukwiya. Odutsa adzaloza zala, adzati ana a Fanesi aiwala mpeni. Manyazi amenewo ndisenza ine. Ukadzachita maluwa muwatenge a Moira akaone. Ndi oyera, ang'onoang'ono, si ofiira ngati awo, ndipo adzadandaula. Muwasiye adandaule.

Mu Ogasiti ndikubwera ndi Tadala kudzamanga chiliza chanu, zimenezo ndalonjeza. Ndidzalowa m'munda mwanu manja ali kumbuyo. Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Elufe